Musagule kwantamu ya m'chikwama: zomwe ndaphunzira ku Sunnyside

Amalawi anzanga, makamaka inu a geni m'misika ya Blantyre, Limbe ndi Ndirande, pali mawu ena amene alowa m'tauni muno osagogoda n'komwe. Mawuwo ndi akuti kwantamu. Pali mikanda ya kwantamu yovala m'khosi, ati imachotsa kutopa ndi nyamakazi. Pali makina a kwantamu oyezera thupi, ati amaona chiwindi, impso, mtima ndi mafupa m'mphindi imodzi yokha. Ogulitsa ake amatchena taye, amalankhula Chingerezi cha m'mphuno, ndipo akangotchula mawu amenewa munthu umangoti kukamwa yasaa, dzanja lalowa kale m'thumba.

Kodi kwantamuyo n'chiyani? Alipodi, kapena ndi mawu ongoopsezera mbuli ngati ife? Ine si dokotala ndipo si pulofesa. Sukulu yanga inathera Folomu 4, ndipo ndimadyera kulemba nkhani n'kumagulitsa ku nyuzipepala. Koma safunsa anadya phula. Ndatha miyezi itatu ndikufunsa ndi kuwerenga, ndipo zomwe ndapeza ndati ndikugawireni, poti zikukhudza mpamba wanu ndi moyo wa ana anu.

Chinandiyambitsa ndi azakhali anga, omwe amagulitsa tomato mumsika wa Limbe. Mutu unkawapweteka masabata awiri. Mnzawo wa pa benchi anawalondolera ku kachipinda kena m'tauni. Kumeneko anawafunsa zaka zawo, msinkhu ndi kulemera kwawo, kenaka anawagwiritsa kachitsulo konga chogwirira cha njinga kolumikizidwa ku laputopu. Posakhalitsa panatuluka mapepala odzaza manambala ofiira. Ati chiwindi chatopa, magazi ndi akuda, mafupa akuphwa. Mankhwala ake anali pompo pa shelefu. Phindu la sabata yonse linatsala momwemo.

"Iwe mwana wa achimwene, suja umati unaphunzira? Tandiwerengera izi," anatero pondipatsa mapepalawo. Pamwamba pa tsamba lililonse panalembedwa mawu aja, kwantamu. Ndinawaperekeza kuchipatala cha boma, komwe anawapeza ndi vuto la kuthamanga kwa magazi n'kuwapatsa mankhwala. Koma mawu aja anandikhalabe pakhosi ngati munga wa usipa.

Ndimachita lendi kaboyizikota ku Sunnyside, kuseri kwa nyumba ina yaikulu. Kutsidya kwa mpanda kumakhala bambo ena okalamba omwe anaphunzitsa fizikisi ku sekondale zaka zambiri asanapume. Nditawaonetsa mapepalawo anaseka mpaka kutsokomola.

"Mwana wanga, kwantamu alipo, si bodza ayi. Ndi nzeru ya momwe tinthu tating'onoting'ono zedi timakhalira, tinthu ngati atomu ndi elekitironi. Foni yakoyo, babu la LED, sola ya padenga, zonsezo zinapangidwa ndi nzeru imeneyi. Koma ngati ukufuna kudziwa chifukwa chake kachitsulo ka azakhali akowo n'kabodza, uphunzire mawu awiri. Azungu amati coherence ndi decoherence. Katenge beseni la madzi."

Ndinabwera nalo beseni. Anandiuza kuti ndizigogoda pamwamba pa madzi ndi zala ziwiri, chimodzi uku china uko, mofanana ngati woimba ng'oma. Mafunde ochokera ku zala ziwirizo ankakumana pakati. Penapake funde linkakwera pa linzake n'kukula. Penapake chitunda cha funde lina chinkagwera m'dzenje la linzake, madzi n'kukhala bata. M'beseni munaoneka mizeremizere yokhazikika, wa mafunde, wa bata, wa mafunde, wa bata. Kenaka anati chala chimodzi chizigogoda mwachisawawa. Mizere ija inabalalika, m'beseni munangokhala chipwirikiti.

Inu amene munakulira kumudzi mukudziwa kusinja awiri mu mtondo umodzi. Munsi wina ukamatsika, wina ukukwera, ndipo aliyense amadziwa nthawi ya mnzake. Bola asaphonyane, ntchito imayenda ngati nyimbo. Koma wina akacheukira mwana amene akulira, minsi imawombana. Kuyendera limodzi kumeneko, funde lililonse kusunga nthawi yake poyerekeza ndi linzake, ndiye coherence. Kutayika kwake chifukwa cha zosokoneza zochokera kunja ndiye decoherence. M'Chichewa chathu tingoti mgwirizano ndi kutha kwa mgwirizano.

Mpaka apa palibe chodabwitsa, poti madzi tonse timawadziwa. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1800 Mngerezi wina, Thomas Young, anaonetsa kuti kuwala nakonso kumachita chimodzimodzi: kukadutsa njira ziwiri zoyandikana n'kukakumananso pa khoma, pamaoneka mizere yowala ndi yakuda. Ndiye kuti kuwala kumayenda ngati mafunde. Chodabwitsa chinadza pomwe akatswiri anapeza kuti elekitironi, kanthu komwe kamayenda m'mawaya a magetsi, nakonso kamatulutsa mizere yomweyo.

Mu 1989 gulu la Akira Tonomura ku kampani ya Hitachi ku Japan linaponya maelekitironi limodzilimodzi m'makina okhala ndi njira ziwiri, ya kumanzere ndi ya kumanja. Elekitironi iliyonse ikafika kumapeto inkasiya kadontho kamodzi basi. Poyamba timadonthoto tinkaoneka ngati tangomwazikana. Koma titachuluka kufika zikwizikwi, mizere ija inatulukira bwinobwino. Tsono taganizani. Elekitironi inali yokha m'njira, yopanda inzake yogundana nayo. Nanga mizereyo inachokera kuti? Yankho la akatswiri n'lakuti funde la elekitironi imodziyo limadutsa njira zonse ziwiri, mbali ziwirizo n'kukakumana kutsogolo zikusungabe mgwirizano wake, monga zala zanga ziwiri m'beseni.

"Aphunzitsi, koma zimenezi si ufiti?" ndinafunsa. Iwo anati ufiti suyezedwa kawiri n'kupereka yankho lomwelo, pomwe izi aliyense wokhala ndi zipangizo akhoza kuzibwereza, ku Japan kaya ku Zomba.

Mfundo yomwe inandigwira mtima ndi yotsatirayi. Mukangoika chinthu chilichonse chotha kusunga chizindikiro cha njira yomwe elekitironi yadutsa, mizere ija imazimirira. Elekitironi imayamba kuchita ngati mwala wamba: yadutsa kumanzere kapena kumanja, basi. Ndipo sipafunika diso la munthu ayi. Kampweya kamodzi kakagundana nayo n'kupita, kamanyamula mbiri ya pomwe inali. Kachidutswa kamodzi ka kuwala kakaigunda n'kuthawa, nakonso kanyamula mbiri. Mgwirizano uja sufafanizika ngati choko pa bolodi, koma umamwazikira mu mpweya, m'makoma ndi m'kuwala, moti palibe angausonkhanitsenso.

Inu a mumsika izi simufunika kuuzidwa kawiri. Mwamva kuti lole ya tomato wotchipa ifika mbandakucha kuchokera ku Ntcheu. Bola nkhaniyo ili mumtima mwanu mokha, mwayi ulipo. Mwanong'oneza mnzanu mmodzi, iye wauza wa kabaza, wa kabaza wauza woitanira minibasi, pofika m'mawa msika wonse uli pa siteji kudikira lole. Mungapite kwa aliyense kukalanda mawu anu? Madzi akatayika saoleka. Decoherence imayenda momwemo: dziko lozungulira kanthuko ndi la miseche, limamva msanga ndipo silibweza.

Woyamba kulongosola zimenezi anali Mjeremani wina, H. Dieter Zeh, mu 1970. M'zaka za m'ma 1980 Wojciech Zurek, wobadwira ku Poland, anazikulitsa. Mu 1996 gulu la Serge Haroche ku Paris linatsekera kuwala pakati pa magalasi awiri n'kuona ndi zida zawo mgwirizano ukutha pang'onopang'ono, ndipo mu 2012 Haroche analandira mphoto ya Nobel limodzi ndi David Wineland wa ku America.

Koma kuyesa komwe ine ndinakukonda n'kwa ku Vienna, m'dziko la Austria. Mu 1999 gulu la Anton Zeilinger ndi Markus Arndt linatenga timipira topangidwa ndi maatomu 60 a kaboni, zomwe zija zimapanga makala, n'kutidutsitsa m'timipata. Ngakhale timipirato n'tatikulu kwambiri poyerekeza ndi elekitironi, mizere inatuluka. Mu 2004 anatenga timipira ta maatomu 70 n'kumatiwotcha tisanalowe m'makinawo. Chinthu chotentha chimatulutsa kuwala, monga chitsulo cha mmisiri pa moto. Timipira tikatentha kwambiri tinkataya tizidutswa ta kuwala m'njira, ndipo kuwalako kunkaulula pomwe tadutsa. Kutentha kukamakwera, mizere inkafooka mpaka kutheratu. Timipirato tinkadziulula tokha.

Apa m'pomwe ndinamvetsa chifukwa chake thumba la chimanga silipezeka ku Limbe ndi ku Lunzu pa nthawi imodzi. Mu 1935 Erwin Schrödinger anapereka fanizo la mphaka wotsekeredwa m'bokosi, yemwe malinga ndi masamu a kwantamu angakhale wamoyo ndi wakufa pa nthawi imodzi. Iye ankafuna kuonetsa kuti pali china chosamveka. Lero tikudziwa kuti mphaka amapuma, ndi wofunda, ndipo mpweya ukumugunda mbali zonse kosalekeza. Mbiri yake imatuluka m'bokosimo nthawi yomweyo. Ngakhale kafumbi kamodzi koyandama mu mpweya kamataya mgwirizano wotere m'kanthawi kochepa koti palibe wotchi padziko pano ingakayeze. Akatswiri akukanganabe pa funso lakuti n'chifukwa chiyani pamapeto pake pamatuluka yankho limodzi ili osati linalo, koma zakuti mgwirizano umatha msanga m'zinthu zazikulu ndi zofunda, zimenezo anaziyeza.

Tsono onani mavuto omwe olemera a dziko lapansi akukumana nawo pofuna kusunga mgwirizanowu. Makampani ngati Google ndi IBM akupanga makompyuta a kwantamu. Timagawo take towerengera, totchedwa qubit, timagwira ntchito pokhapokha mgwirizano ulipo. Pofuna kutiteteza ku miseche ya dziko amatiika m'mafiriji aakulu ozizira pafupifupi madigiri 273 pansi pa ziro, kuzizira koposa kwa mlengalenga kutali ndi nyenyezi. Amapopa mpweya wonse, amatchinga kuwala ndi mafunde a wailesi. Atachita zonsezo, kachipangizo ka Google kotchedwa Willow, komwe anakalengeza mu Disembala 2024 kali ndi ma qubit 105, kankasunga mphamvu yake ya kwantamu kwa nthawi yosakwana bwino gawo limodzi mwa magawo 10,000 a sekondi. Ndipo eni ake anakondwa kuti apita patsogolo!

Chaka cha 2025 bungwe la United Nations linachipatula kukhala chokumbukira nzeruyi, patatha zaka 100 chiyambire pomwe Werner Heisenberg analemba masamu ake mu 1925. Mphoto ya Nobel ya chaka chomwecho inapita kwa John Clarke, Michel Devoret ndi John Martinis, omwe mu 1984 ndi 1985 ku Berkeley anaonetsa khalidwe la kwantamu m'kachipangizo ka magetsi kogwirika ndi manja. Nawonso anachita kukaziziritsa koopsa ndi kukatchinga mbali zonse.

Mwina mukuti izi n'za azungu, ife zikutikhudza pati? Nanenso ndinafunsa choncho. Aphunzitsi aja analoza chakum'mawa. "Ukachoka pano wapansi kupita ku Ginnery Corner sutopa n'komwe. Pa Queens pomwepo nzeru imeneyi inagwira ntchito yoti dziko lonse linamva."

Ankanena makina a MRI, oyamba m'Malawi muno, omwe anaikidwa pa chipatala cha Queen Elizabeth Central mu 2008 kudzera mu ntchito ya kafukufuku wa malungo yotsogozedwa ndi Dr Terrie Taylor wa ku Michigan State University. Makina otere amajambula m'kati mwa mutu popanda kung'amba. Thupi lathu ladzaza madzi, ndipo m'madzi muli maatomu a haidrojeni. Pakatikati pa atomu iliyonse yotere pali kanthu kokhala ngati kamaginito kakang'ono kozungulira. Wodwala amamugoneka m'kati mwa maginito aakulu, amphamvu kuposa a dziko lapansi maulendo zikwi zingapo. Kenaka makinawo amatumiza funde la wailesi lomwe limachititsa timaginito tija kuzungulira mogwirizana, ngati amayi a Mvano poyamba nyimbo wotsogolera atakweza dzanja. Pomwe tikuyendera limodzi timatulutsa kamawu ka wailesi komwe makinawo amamva.

Koma kamaginito kalikonse kali ndi anansi okasokoneza. Posakhalitsa tina tathamanga, tina tatsalira, nyimbo yabalalika, mawu azilala. Nthawi yomwe mgwirizanowu umatenga kuti uthe amaitcha T2, dzina lomwenso opanga makompyuta a kwantamu amagwiritsa ntchito. Mu mnofu wa ubongo umatha pa gawo limodzi mwa magawo khumi a sekondi, kapena kuchepera pang'ono. M'madzi ozungulira ubongo umakhalitsa, mpaka cha m'masekondi awiri. Umatha kufika pamenepo m'thupi lofunda chifukwa timaginitoti tabisala pakatikati pa atomu, pomwe phokoso la dziko silifika mwamphamvu. Makinawo amayeza kusiyana kwa nthawizi malo ndi malo, n'kujambula chithunzi choonetsa pomwe pali mnofu, pomwe pali madzi ndi pomwe patupa. Kunena mwachidule, kutha kwa mgwirizano komwe kumasowetsa tulo a Google ndi komwe dokotala amawerenga.

Ndipo tamvani zomwe anapeza. Kwa zaka zambiri madokotala ankaona ana odwala malungo a muubongo akukomoka, kenaka n'kusiya kupuma, ngakhale alandira mankhwala opha tizilombo. Chenicheni chowapha sichinkadziwika bwino. Mu Marichi 2015 magazini ya zachipatala ya New England Journal of Medicine inatulutsa zotsatira za gulu la Dr Karl Seydel, Dr Sam Kampondeni, Dr Taylor ndi anzawo. Anajambula ana 168 odwala matendawa pa Queens. Mwa iwo 25 anamwalira, ndipo 21 mwa omwalirawo zithunzi zinaonetsa kuti ubongo wawo unali utatupa kwambiri. Mwa omwe anachira, otupa chonchi anali pafupifupi mmodzi mwa anayi alionse. Ubongo ukatupa m'chibade chosatambasuka umafinya gawo lomwe limayendetsa kupuma. Ana a kuno kwathu, a mabanja ngati anu ndi anga, ndiwo anaphunzitsa dziko lapansi chinthu chimenechi.

Tsopano yerekezani nokha. MRI imafuna maginito olemera, ndipo ngakhale makina ang'onoang'ono omwe apangidwa zaka zaposachedwapa amalemera makilogalamu mazanamazana, amachita kukankhidwa pa mateyala. Makina aakuluwo amakhala m'chipinda chokutidwa ndi chitsulo kuti mafunde a wailesi akunja asalowe. Simulowamo ndi makiyi kapena ndalama zachitsulo. Kujambula kumatenga mphindi zambiri wodwala ali duu, ndipo chithunzicho amawerenga ndi dokotala yemwe anaphunzira zaka ndi zaka. Atatero amakuuzani za chiwalo chimodzi chomwe ajambula, osati thupi lonse.

Nanga kachitsulo kogwira m'manja kaja? Dzanja ndi lofunda, lili ndi thukuta, mpweya ukuligunda, kunja minibasi zikulira mahutala. Mulibe maginito aakulu, mulibe chotchinga, mulibe choziziritsa. Mgwirizano wa kwantamu woti kachitsuloko kamve uchokera kuti, ndipo ukhalitsa bwanji? Palibe umboni wa sayansi woonetsa kuti makina otere amayeza chiwindi kapena impso. Ndipo dzifunseni: ngati amaona zonse okha, amayambiranji kufunsa zaka zanu ndi kulemera kwanu? Mkanda wa m'khosi nawo ndi chimodzimodzi. Chomwe akatswiri akulephera kusunga kwa sekondi imodzi m'firiji ya mamiliyoni a madola, inu mukachisunge pachifuwa tsiku lonse mukukazinga tchipisi pa chiwaya? Chalaka bakha nkhuku singatole.

Ena mwa ogulitsawo mwina nawonso anangonamizidwa ndi omwe anawaodetsa katunduyo, ndipo akusaka ya ndiwo ngati tonsefe. Koma inu mukagulitsa tomato woola kasitomala amabwerera kudzakutukwanani, nkhani n'kuthera pompo. Wogulitsa chiyezo chabodza amabweza munthu panjira ya kuchipatala. Wa shuga amachedwa, wa chifuwa chachikulu amapatsira banja lonse, ndipo wopanda vuto amagula mabotolo a mankhwala a matenda omwe alibe, ndalama ya banki m'khonde n'kupita.

Choncho wina akakutchulirani kwantamu, musachite manyazi ndi Chingerezi chake. Mufunseni kuti makinawo akuyeza chiyani kwenikweni, ndipo amachiteteza bwanji ku kutentha ndi phokoso. Mufunseni ngati ali ndi chiphaso cha Medical Council of Malawi chomulola kuyeza anthu matenda. Mupempheni akuyezeni kawiri, ulendo wachiwiri mutchule zaka zina, muone ngati chiwindi chanu sichisintha. Inu mumadziwa kugogoda chivwende musanagule, mumadziwa sikelo yobera. Nzeru yomweyo ndi yokwanira.

Ndipo ngati kunyumba kwanu kuli mwana wokonda masamu, yemwe amamasula wailesi kuti aone za m'kati, musamukalipire kwambiri. Sayansi ikuphunzitsidwa ku MUBAS pa Chichiri pompa, ku MUST ku Thyolo ndi ku yunivesite ya Malawi ku Zomba, ndipo makina ngati a pa Queens amafuna manja a Amalawi owayendetsa ndi kuwakonza. Koma mwanayo akatentha thupi usiku, musadikire kuti kuche kawiri, musapitenso ku kachipinda ka laputopu. Thamangirani naye kuchipatala akamuyeze malungo ndi kadontho ka magazi pa chala. Kuchipatala cha boma chiyezo chimenecho n'chaulere, ndipo yankho limatuluka m'mphindi zosapitirira 20.